"Aphunzitsi, Sikutseguka!" Zochita Zida za pa Intaneti Zikakana M'kalasi

Mwakonza phunziro mpaka usiku. Chikalata choti ophunzira alembemo limodzi chilipo, mafunso a kampikisano mwawalemba, linki mwaitumiza. M'mawa ophunzira akhala pansi, mafoni ndi malaputopu ali m'manja. Musanamalize n'komwe kunena kuti "tiyeni tiyambe", dzanja lakwera kumbuyo uko. "Aphunzitsi, kuno sikutseguka." Lina lakwera pakati. "Kwa ine ikungozungulira." Mphindi khumi zikutha mukuyenda desiki ndi desiki, kuwerama pa sikirini ya uyu, kulanda foni ya uyo. Amene zinawatsegukira kalekale atopa kudikira, ayamba kusintha mitundu ya zilembo ndi kulemba mayina awo pamwamba pa tsamba.

Kenako timapereka chigamulo chimene tonse tinazolowera: "Netiweki yavuta lero." Ine mawu amenewa ndawanena kambirimbiri, ndipo kunena zoona, masiku ambiri netiwekiyo inalibe mlandu. Inangokhala yosavuta kuiloza chala. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mawu oti "sikutseguka" amabisa matenda osiyanasiyana, ndipo mankhwala a nthenda iyi sagwira pa nthenda iyo. Mukazimitsa ndi kuyatsanso rauta, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi, pamene vuto lili pa chilolezo cha fayilo, mwangotaya mphindi zina zisanu, n'kutulutsanso ngakhale aja anali atalowa bwinobwino.

Werengani manja musanagwire foni ya aliyense

Cholakwa choyamba ndi kuthamangira kwa amene wayamba kudandaula. Imani pomwe mulipo, funsani kalasi yonse: "Amene zatseguka, kwezani manja." Funso likhale limeneli, osati lakuti ndani zamukanika, chifukwa wophunzira wamanyazi zikamukanika sakweza dzanja. Amangokhala duu, n'kumasuzumira pa sikirini ya mnzake mpaka belu litalira.

Manja amenewo akuuzani koyambira. Ngati otsala ndi mmodzi kapena awiri, vuto lili pa chipangizo chawo kapena pa akaunti imene alowera. Akhazikeni kaye ndi anzawo, phunziro lipitirire, mudzawafike ena akayamba ntchito. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe walowa, yang'anani linki ndi chilolezo, ndipo izo zikakhala bwino m'pamene mungayambe kukayikira netiweki. Chovuta kumasulira ndi chapakatichi, ena alowa ena ayi. Apa dzifunseni kuti otsalawo akufanana pati. Onse ali pa mafoni pamene olowawo ali pa malaputopu? Akhala mbali imodzi, kutali ndi rauta? Ndi amene afika mochedwa? Kapena ndi amene alowera pa imelo yawoyawo osati ya sukulu? Mukapeza chimene akufanana, vutolo mwalidziwa dzina.

Funso lachiwiri lipite kwa wodandaulayo: "Tawerenga mokweza zimene zalembedwa pamenepo." Ngati uthengawo ukukamba za chilolezo, za nambala yolakwika kapena za akaunti, intaneti ikugwira ntchito. Foni yayenda ulendo wonse, yafika pakhomo, mlonda ndiye wakana. Koma ngati palibe uthenga, kabwalo kakungozungulira kapena tsamba langoti mbee, ndiye tikambe za msewu.

Khomo lokhoma

Ili ndilo vuto limene limabwera kawirikawiri kuposa ena onse amene ndakumana nawo, ndipo mwini wake amakhala mphunzitsi. Mu Google Docs, Slides kapena Sheets, wophunzira amaona mawu akuti "You need access". Fayilo yatsopano kawirikawiri imabadwa ili pa Restricted, kutanthauza kuti okhawo amene mwawatchula ndi maimelo awo ndi amene angaitsegule. Kukopera linki n'kuitumiza sikusintha zimenezi. Chimene chimatipusitsa n'chakuti ife tikaidina imatseguka bwinobwino. Ikanirenji mwini wake?

Dinani Share. Pansi pa General access, chotsani Restricted n'kusankha dzina la sukulu yanu ngati likuoneka, kapena Anyone with the link, kutanthauza aliyense amene ali ndi linkiyo. Musatseke kaye. Pambali pake pali malo ena osankha pakati pa Viewer (wongoona), Commenter (wopereka ndemanga) ndi Editor (wotha kulemba), ndipo ambiri timasintha choyambacho n'kuiwala chachiwirichi. Zotsatira zake, ophunzira alowa, akuona zonse, koma palibe angalembe ngakhale kadontho. Mukatsiriza, auzeni atsegulenso tsambalo. Maimelo opempha chilolezo amene ayamba kugwa ngati matalala musawayankhe mmodzimmodzi, mudzathera pamenepo.

Njira yopewera zonsezi imatenga mphindi imodzi. Musanalowe m'kalasi, tsegulani windo lachinsinsi mu browser yanu, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Mu Chrome ndi Edge ndi Ctrl+Shift+N, mu Firefox ndi Ctrl+Shift+P. Matani linkiyo mmenemo. Windo limeneli silikudziwani, ndiye limakuonetsani zimene mlendo angaone. Ngati fayiloyo mwaitsegulira a sukulu yanu okha, likufunsani kuti mulowe ndi akaunti, ndipo apo ndi bwino kupempha mphunzitsi mnzanu kapena wophunzira mmodzi kuti ayese pa yake.

Nthawi zina mawu oti Anyone with the link saoneka n'komwe. Si kuti china chawonongeka. Amene amayang'anira maakaunti a sukulu ali ndi mphamvu yoletsa kugawana mafayilo ndi anthu akunja, ndipo sukulu zambiri zimachita zimenezi poteteza ana. Kakambiraneni naye tsiku lina, osati kalasi ikudikira. Ndinenenso maganizo anga: kuphatikiza Anyone with the link ndi Editor kuli ngati kusiya chitseko chosatseka usiku. Aliyense amene linkiyo yamufika akhoza kulemba, ndipo olowa opanda akaunti amaoneka ndi mayina a nyama, Anonymous Hippo ndi anzake, moti wolemba zachipongwe simungamudziwe. Pa ntchito ya mphindi khumi yongosonkhanitsa maganizo palibe vuto. Pa ntchito yoti muchonge, aliyense alowe ndi dzina lake. Phunziro likatha, bwezani fayiloyo pa Viewer.

Munthu mmodzi, maakaunti awiri

Chilolezo chili bwino, anzake onse alowa, koma mmodzi akukanidwabe. Yang'anani kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba chakumanja. Kawirikawiri mupeza kuti browser yatsegula linkiyo ndi akaunti ina: ya kunyumba, ya mchimwene wake, kapena ya kholo limene lamubwereka foni. Maakaunti a Google akakhala angapo pa chipangizo chimodzi, imene inayamba kulowa ndi imene imakhala patsogolo, ndipo malinki amatseguka ndi iyoyo. Mukayang'ana adiresi ya tsamba mudzaona u/0 kapena u/1, manambala amene akusonyeza akaunti imene ikugwira ntchito. Adine kachithunziko asankhe ya sukulu. Zikapitirira, alowe kudzera pa windo lachinsinsi ndi akaunti ya sukulu yokha.

Ndi matenda omwewa amene amachititsa kuti nambala yolowera mu Google Classroom, chida chotumizira ophunzira ntchito, ikanidwe ngakhale yalembedwa molondola. Kalasi yopangidwa ndi akaunti ya sukulu nthawi zambiri silandira akaunti wamba ya Gmail.

Pali timavuto tina tiwiri timene timaoneka ngati tatikulu. Linki ikadinidwa mkati mwa pulogalamu yochezera monga Facebook, imatseguka mu kabrowser ka mkati mwa pulogalamuyo, kamene sikadziwa akaunti ya mwini foni. Adine timadontho titatu ta pakona ya sikirini, asankhe kutsegula mu browser yeniyeni. China ndi uthenga woopsa wakuti "Your connection is not private" pa laputopu imene yakhalitsa m'kabati. Musanaganize za akuba, onani tsiku ndi nthawi pa kompyutayo. Ikamaganiza kuti tili m'chaka china, imakana ziphaso za chitetezo za masamba onse. Konzani deti, vuto latha.

Ikuoneka koma sikulembeka

Ngati mwatsimikiza kuti onse ali pa Editor, funsani ngati osalembawo ali pa mafoni. Pa foni, Docs ndi Slides zimafuna app yake kuti munthu alembe bwino, ndipo mu Docs mpaka adine kapensulo kali pansi chakumanja ndi pamene kiyibodi imatuluka. Musalole kalasi yonse kuyamba kudanilodi app nthawi yomweyo, chifukwa ndiye netiweki ivutadi tsopano. Auzeni dzulo lake.

Pa makalasi aakulu, dziwani kuti fayilo imodzi ya Google imalola zipangizo kapena matabu (masamba otsegulidwa mu browser) 100 pa nthawi imodzi. Kupitirira apo, mwini fayilo ndi ena ochepa okha ndi amene amatha kulemba. Amawerenga matabu osati mitu ya anthu, choncho wophunzira amene wadina linki katatu chifukwa chosaleza mtima wadya malo a anthu atatu.

Ku Word, kulembera limodzi kumatheka pokhapokha fayilo ili pa OneDrive kapena SharePoint, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, ndipo AutoSave yayatsidwa. Mukaitumiza pa imelo ngati chomata, aliyense amatsitsa kope yakeyake, ndipo akulemba yekha akuganiza kuti ali ndi anzake.

Mu Google Classroom, mukamaika fayilo pa ntchito mumapatsidwa zosankha zitatu: ophunzira angoiona, onse alembe mu fayilo imodziyo, kapena aliyense apatsidwe kope yake. Chachitatuchi chimaoneka pokhapokha ntchitoyo isanatumizidwe. Mukaiwala, simungachiwonjezere pambuyo pake, muyenera kupanga ntchito ina. Kunja kwa Classroom kuli kanjira kachidule: pa linki ya fayilo, fufutani mawu oti edit ndi zonse zotsatira, mulembepo copy. Aliyense wodina amafunsidwa kuti apange kope yake, bola akhale ndi chilolezo choiona.

Ikakhaladi netiweki

Imadziwika ndi zizindikiro zake. Masamba ena onse nawonso akuchedwa, zilembo zikuoneka patapita kanthawi munthu atazilemba, pamwamba pakutuluka mawu oti ikuyesa kulumikizanso. Chizindikiro chachikulu n'chakuti zinkayenda bwino muli nokha m'mawa, zayamba kuvuta kalasi itadzaza.

Liwiro limene munaona poyesa muli nokha ndi la msewu wopanda magalimoto. Zipangizo zonse zolumikizidwa ku rauta imodzi zimalankhula mosinthana, ndipo chimene chili kutali kapena chakale chimatenga nthawi yaitali kunena zake, n'kuchedwetsa zinzake. Komanso foni ikangomva Wi-Fi imayamba ntchito zimene mwini wake sanaitume: kutumiza zithunzi kosungira, kukonzanso mapulogalamu, kutsitsa mavidiyo a m'magulu. Choncho chinthu choyamba si kuzimitsa rauta. Uzani amene ali pa laputopu achotse mafoni awo pa Wi-Fi, ndipo onse atseke matabu a vidiyo ndi nyimbo. Zikapanda kusintha, chepetsani zipangizo: gulu la anthu anayi, chipangizo chimodzi. Ndaona kuti ngakhale netiweki ili bwino, anayi ozungulira sikirini imodzi amakambirana kwambiri kuposa anayi amene aliyense waweramira yake.

Ngati rauta ili ndi Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, okhala pafupi alowe pa 5 GHz. Ya 2.4 imafika patali ndipo imadutsa makoma, koma ili ndi tinjira titatu tokha tosasokonezana, 1, 6 ndi 11, ndipo marauta a zipinda zoyandikana amalimbirana tomweto. Ngati obwera mochedwa okha ndi amene akulephera kulumikiza pamene pasiwedi ndi yolondola, mwina rauta yatha maadiresi amene imagawira zipangizo, kapena yafika malire a chiwerengero chake. Hotspot ya foni ndiye imadzaza msanga, zambiri zimathera pa zipangizo khumi kapena kuchepera apo.

Pali mtundu wina wosokoneza. Masamba wamba akutseguka msangamsanga, koma chida cha mafunso kapena bolodi la pa intaneti chikungoima pa khomo. Zida zimene zimasonyeza zinthu nthawi yomweyo zimasunga njira yotsegula pakati pa foni ndi seva, imene akatswiri amaitcha WebSocket, ndipo zotchingira zina za netiweki ya sukulu zimadula njira zoterezi. Yesani pa foni imodzi ndi data yake. Ikatseguka, mwapeza umboni woti mupite nawo kwa woyang'anira netiweki, ndipo mupite ndi dzina la tsambalo, osati kungoti "zinthu sizikuyenda". Ikakananso pa data, n'kutheka kuti chidacho chagwa kwawo komweko. Makampani akuluakulu ali ndi masamba osonyeza ngati ntchito zawo zili bwino, monga Google Workspace Status Dashboard. Zikakhala choncho palibe chimene mungakonze.

Pa kalasi ya pa vidiyo, kumbukirani kuti mawu okha pa Zoom safika ngakhale 100 kbps, pamene vidiyo ya gulu imafuna pafupifupi 1 Mbps (1,000 kbps) kapena kuposa. Mawu akayamba kudukaduka, makamera azimitsidwe, kuyambira ya amene akudandaulayo.

"Aphunzitsi, wina wafufuta zathu!"

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ndinapsa chala. Tsiku lina ndinaika kalasi yonse mu chikalata chimodzi chachitali, gulu lililonse ndi ndime yake. Patatha theka la ola ntchito ikuyenda bwino, zonse zinangoti zii. Pa tsamba lonse panatsala chilembo chimodzi, k. Mnyamata wina ankafuna kusintha kalembedwe ka ndime yake, anadina Ctrl+A osadziwa kuti wasankha chikalata chonse, kenako chala chinagunda kiyibodi. Kalasi inaphulika. Ena anayamba kudina Ctrl+Z mobwerezabwereza koma osaphula kanthu, chifukwa pa chikalata chogawana batani limeneli limangobweza zimene iweyo wachita, osati za mnzako. Munthu yekhayo amene akanabweza zonse ndi kudina kumodzi anali mnyamata uja. Koma ine ndinali nditakweza kale mawu kuti "Ndani wachita zimenezi?", ndipo iye ndi mantha anatseka tsambalo mwakachetechete.

Cholakwa changa chachiwiri chinali chachikulu kuposa choyamba. Ndinatha mphindi zingapo ndikufufuza wolakwa, ndipo m'nthawi imeneyo gulu lina lakhama linali litayambiranso kulemba, mfundo zatsopano zabwino kuposa zoyamba zija. Nditapeza mbiri ya chikalata ndinadina kubwezeretsa mosaganiza. Zakale zinabwerera, zatsopano zija n'kuchoka pa tsamba. Ndinazipezanso m'mbiri momwemo, koma nkhope za ana aja sindidzaziiwala.

Tsono zikachitika, mawu oyamba akhale akuti: "Manja onse achoke pa kiyibodi. Palibe walakwa. Amene wadina chinachake mwangozi adine Ctrl+Z tsopano." Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Ikapanda kutero, tsegulani mbiri. Mu Google Docs, Slides ndi Sheets pitani pa File, kenako Version history, kapena dinani Ctrl+Alt+Shift+H. Kumanja kumatuluka mndandanda wa nthawi, ndipo zolemba za munthu aliyense zimaoneka ndi mtundu wake. Mu Word mbiriyi ili pa File, Info, Version History. Ngati palibe walemba kanthu chifufutireni, bwezeretsani. Ngati ena apitiriza, musabwezeretse: koperani mbali yotayikayo kuchokera m'mbiri, mubwerere, muimate pamalo pake. Fayilo yonse ikasowa, kayang'aneni mu Trash ya mwini wake, mmene Google Drive imasunga zotayidwa kwa masiku 30.

Walira mvula walira matope. Mukafuna kuti anthu makumi atatu alembe malo amodzi, kupondana kudzakhalapo, ndipo kukalipa sikuthetsa. Chimathetsa ndi malire. Masiku ano ndimakonda Slides kuposa chikalata chachitali, chifukwa gulu lililonse limakhala ndi tsamba lake, nambala ya gulu italembedwa kale pamwamba, ndipo Ctrl+A ya mkati mwa tsamba limodzi siwononga za ena. Ngati ndi chikalata, ikani tebulo, dzina lililonse ndi bokosi lake. Mu Sheets mungathe kukhoma mizere ina kudzera pa Data ndi Protect sheets and ranges. Pamene ntchito ndi younika zolemba za mnzawo, apatseni Commenter basi, kuti zimene asintha zizioneka ngati malingaliro oti mwini alandire kapena akane. Ndipo musanagawe linki, lowani mu Version history mutche dzina fayilo yoyerayo, kuti mudzaipeze msanga pakati pa mndandanda wautali.

Mipikisano ya mafunso

Pa Kahoot, chida cha mipikisano ya mafunso, mavuto ambiri ndi a pakhomo. Ophunzira amalowera pa kahoot.it, osati tsamba limene mphunzitsi amakonzera mafunso, ndipo amene wafufuza dzinalo pa Google amathera kolakwika n'kuyamba kufunsidwa kuti atsegule akaunti. Mentimeter nayo ili ndi khomo la oyankha, menti.com. PIN ya Kahoot, nambala yolowera masewera, imasintha nthawi iliyonse mukayambitsa masewera, choncho imene yatsala pa bolodi kuchokera ku kalasi ya m'mawa ndi yakufa. Ifufuteni. Ngati oyamba alowa koma otsatira akukanidwa, onani malire a chiwerengero cha osewera pa akaunti yanu, makamaka ngati ndi yaulere. Malire amenewa amasinthasintha, aoneni musanalonjeze kalasi.

Mayina achipongwe ndi nkhani yakale. Yatsani chosankhira mayina kuti chida chizipereka chokha, kapena dinani dzina loipalo lichoke masewera asanayambe, ndipo onse akalowa khomani masewerawo. Pa Padlet, bolodi la pa intaneti limene ophunzira amaikapo zolemba zawo, mungathe kuika kuti chilichonse cholembedwa chidikire chilolezo chanu chisanaonekere, chinthu chofunika kwambiri ngati sikirini yanu ili pa pulojekita.

Koma pali vuto lina limene ophunzira sadandaula nalo mokweza. Mapointi a Kahoot amadalira liwiro la kuyankha. Mwana wa foni yakale, kapena wokhala kutali ndi rauta, funso limamufika mochedwa pang'ono, ndipo ngakhale ayankhe zonse molondola sadzaoneka pamwamba. Wowerenga pang'onopang'ono nayenso chimodzimodzi. Pakapita masabata angapo amasiya kuyesa, amangodina mtundu uliwonse. Onjezerani nthawi ya funso, chotsani mapointi pa mafunso ofuna kuganiza, yatsani zoti funso lizioneka pa foni ya aliyense kuti okhala kumbuyo asavutike ndi pulojekita. Ndipo musatenge zotsatira za mpikisano wotere ngati malikisi. Pa zoti muchonge, Google Forms kapena Microsoft Forms zimachita chilungamo chifukwa sizithamangitsa munthu.

Kulira kwa sipika

Phokoso loboola m'makutu kapena mawu obwerezabwereza pa Zoom, Meet kapena Teams amabwera pamene zipangizo ziwiri m'chipinda chimodzi zalowa msonkhano womwewo. Maikolofoni ya ichi ikumva sipika ya icho. Kutseka maikolofoni kokha sikukwanira, sipika nayonso itsitsidwe mpaka ziro. M'chipinda chimodzi, chipangizo chimodzi chokha ndicho chikhale ndi mawu, ena avale mahedifoni.

Onse alowa, koma akulemba ndi atatu

Ili si vuto la makina, koma limabisala kumbuyo kwa makina, ndipo mphunzitsi amatha kusintha zida katatu akuganiza kuti chinacho chidzadzutsa kalasi. Tsamba loyera lokhala ndi lamulo loti "lembani maganizo anu" limaopsa. Aliyense akuona chilembo chilichonse chimene ukulemba, ngakhale chimene walakwitsa n'kufufuta, dzina lako likulendewera pamwamba pake. Olimba mtima atatu amalemba msanga, otsalawo amawerenga n'kuona kuti zonse zanenedwa kale.

Apatseni mphindi ziwiri zolemba papepala kaye, aliyense payekha, kenako onse alowetse nthawi imodzi. M'bokosi la aliyense muikemo chiyambi cha chiganizo choti amalize. Pa ntchito ya gulu, wogwira kiyibodi asakhale yemweyo tsiku lililonse, ndipo ndi bwino kuti wolembayo azilemba zonena za anzake osati zake. Mbiri ya fayilo ija imathandizanso apa: imakuonetsani amene analemba chiyani, ngakhale siingakuuzeni amene anapereka ganizo pakamwa, choncho musaweruze nayo yokha.

Za kuchuluka kwa zida ndinene mosabisa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chida chilichonse chatsopano chimabwera ndi khomo lake, pasiwedi yake ndi mphindi zake khumi zotayika. Chimodzi cholembera limodzi ndi chimodzi cha mafunso n'zokwanira teremu yonse, ndipo pofika sabata yachitatu ophunzira amayamba kuthandizana okha, inu osanyamuka.

Chida chikatha, kapena tsiku likangokana

Zida zimenezi zili ndi eni ake ndipo zimatha. Google inatseka Jamboard, bolodi lake la pa intaneti, kumapeto kwa 2024: kuyambira pa 1 October sinkalolanso kulemba, ndipo pa 31 December inachotsedweratu. Aphunzitsi amene anali ndi maphunziro awo mmenemo anayenera kuwasamutsira ku zida zina monga FigJam, Miro ndi Lucidspark, kapena kuwasunga ngati PDF. Choncho mafunso anu ndi malangizo anu azikhala ndi kope mu fayilo wamba pa kompyuta yanu, ndipo ntchito ya ophunzira imene ili yofunika muziitsitsa teremu ikamatha.

M'kalasi, ndinadziikira lamulo la mphindi zisanu. Ndikawerenga manja, ndikafunsa uthenga, ndikayesa chinthu chimodzi kapena ziwiri koma osatheka, ndimasiya. Kufufuza kotsala ndi kwa nthawi yopuma. Pa mafunso, Plickers imagwira ndi foni imodzi yokha, ya mphunzitsi: wophunzira aliyense amakweza khadi losindikizidwa, mbali imene waiika pamwamba ndiyo yankho lake, A, B, C kapena D, ndipo kamera imawerenga kalasi yonse. Makadi amenewo akapanda kukhalapo, zala zimakwana, chimodzi mpaka zinayi, zokwezedwa pa chifuwa kuti asaonerane. Pa ntchito yolembera limodzi, gulu lililonse litenge pepala lalikulu, lilembe mitu yomwe ija inali pa tsamba lawo, likamaliza mapepala azungulire kuti magulu ena alembepo ndemanga m'mbali. Mmodzi pa gulu ajambule pepalalo ndi foni, ndipo netiweki ikabwerera, kaya madzulo kaya mawa, aike chithunzicho pa tsamba la gulu lawo.